Manambala a ng'oma afufutika, kope la anthropologist lilipo koma sindikudziwa iti ndi iti

Wa pa Chitakale:
Anzanga thandizeni msanga mutu waima. Andiuza kuno ku museum ndikonze ka display ka gule wa tchopa Okutobala asanafike, paja nthawi ya Mulhako ku Chonde alendo amadutsa ambiri kuno ku Mulanje nde mabwana akufuna pakhale choonetsa. Katundu alipo, ng'oma, zikopa, zipewa za nthenga, ndi mitolo ija ovina amabereka kumsana. Anasonkhanitsa ndi anthropologist wina, wofufuza za chikhalidwe cha anthu, amene anagwirako ntchito kuno kale, analemba zonse m'makope awiri, mudzi, mwini wake, anagula kapena anangopatsidwa, nyimbo zake, zina anachita kujambula pamanja. Vuto ndi loti manambala anangomata timapepala ndi guluu, nde denga la sitolo litadontha nthawi ya Freddy mu 2023 tina tinamatuka tina inki inasungunuka. Pano kope likunena za ng'oma nambala yakuti, ng'omazo zili mbwee pansi zopanda nambala. Rejisitala ya accession, yolembamo katundu akamalowa, ndiye ayi, anangolemba drum, drum, drum basi. Komanso ziwiri zafumbwa, ukangonyamula ufa waa pansi. Ndiyambire pati?

Madala a Luchenza:
Achimwene musalembe nambala iliyonse mongoganiza. Mukaphonya kamodzi bodzalo likhala mu rejisitala mpaka kalekale ndipo wobwera pambuyo panu adzalikopera ngati zoona. Chomwe sichikugwirizana ndi kope chisapite pa display, chikhale m'sitolo.

Mayi a ku Bvumbwe:
Choyamba jambulani makopewo tsamba ndi tsamba, ngakhale ndi foni, lero lomwe, chifukwa ngati munalowa madzi ndekuti chuku chayamba kale. Kenako chilichonse mupatse nambala yongoyembekezera, yoyamba ndi T, pa ka tagi komanga ndi ulusi wa thonje, polemba ndi pensulo. Maka yolembera ayi, selotepi ayi. Mukatero tengani tepi muyeze kutalika ndi kukula kwa kukamwa kwa ng'oma iliyonse, werengani zikhomo zokhomera chikopa, onani ming'alu ndi pomwe anasokapo, mufananize ndi zojambula zakezo. Anthu amene aja akamajambula sankasiya mng'alu. Mutembenuzenso ng'oma muunike mkati ndi tochi, ena ankalembanso nambala mkatimo. Zikatsimikizika mpamene muike nambala ya permanent, mupake Paraloid B-72 (ili ngati vanishi woonekera) pansi, inki, Paraloid pamwamba, koma pa chikopa ndi nthenga tagi yokha.

Wa ku Muloza:
Zoyezazo nzabwino koma kope lili ndi maina a midzi eti? Pitani nazo zithunzi kumeneko. Ife tinali ndi ng'oma yopanda pepala lililonse, tinaonetsa agogo ena osema ng'oma kufupi ndi border, anangogwira m'mphepete nkunena kuti kasemedwe aka ndi ka malume awo, mpaka anatiuza mtengo wake ndi chifukwa chomwe anasiyira mbali imodzi yokhuthala. Osema amadziwana dzanja. Ndipo tchopa imayenda ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, oimba atha kukuuzani kuti iyi ndi iyi ndi za gulu limodzi pongozimva kulira.

Madala a Luchenza:
Zokumbukira za agogo si record. Lembani pambali kuti anena ndi akuti, tsiku lakuti, koma musasinthire nazo nambala. Munthu akaona alendo abwera ndi galimoto amafuna akusangalatseni, aloza ng'oma iliyonse kuti ndi ya kwawo. Ndipo zoziimbazo iwalani, ng'oma yofumbwa mukaimenya chikopa ching'ambika.

Achemwali a ku Thekerani:
Ine nkhawa yanga ndi zofumbwazo, zipatuleni lero zisapatsire zinzake, mukulunge mu pulasitiki mumate bwinobwino. Chonde wina asakuuzeni zothira Actellic kapena kupopera mankhwala a udzudzu, kwathu wina anapaka oilo wakuda pa mtondo wakale ati kuthamangitsa chiswe, mpaka lero sunayerenso ndipo fungo lake lili m'chipinda monse. Njira yake ndi filiza, madigiri -20 kwa sabata kapena kupitirira, chili chomata mu pulasitiki, potulutsa osatsegula mpaka chizizira chithe chokha. Koma ng'oma ya chikopa chokoka ndimaopa, mtengo ndi chikopa sizikokana mofanana, komanso magetsi akazima pakati ndekuti mwangovutitsa katundu tizilombo tili moyo. Zikopa ndi nthengazo muone njenjete. Muvalenso magolovesi ndi mask, zikopa zakale ena ankathira poizoni ngati arsenic kapena DDT ndipo salemba paliponse.

Wa ku Muloza:
Madala, nanga makope amene mukuwakhulupirirawo anachoka kuti? Si kwa agogo omwewo? Bambo Claude Boucher anafika ku Malawi mu 1967, Kungoni ku Mua anayambitsa mu 1976, zilombo za gule wamkulu mazanamazana zili mu Chamare Museum ku Mua komweko ndi buku lawo lalikulu la za gule la 2012 zonse anazipeza pokhala pansi ndi eni gule zaka zambirimbiri, mpaka anawapatsa mfunda woti Chisale. Wofufuza wina, Schoffeleers, naye za Mbona wa ku kachisi wa mvula ku Khulubvi ku Nsanje, zomwe zinatuluka m'buku mu 1992, maziko ake ndi nkhani zapakamwa zomwe anthu anamufotokozera. Tchopa yomweyi UNESCO inailemba pa mndandanda wa zikhalidwe zofunika kusunga mu 2014 chifukwa anthu akuvinabe, osati chifukwa cha kope lili m'kabati.

Madala a Luchenza:
Ndi zomwe ndikunenazo amwene. Amenewo ankalemba nthawi yomweyo, pamalo pomwepo, mwini chinthu ali pomwepo. Inu mukufuna mufunse mdzukulu patapita zaka makumi angapo. Sizofanana. Chopanda umboni wa m'kope chikhale ndi T yakeyo.

Mayi a ku Bvumbwe:
Zonse ziwiri zimatheka, pa lebulo mutha kulemba kuti malinga ndi oimba a mudzi wakuti, osanama kuti zachoka m'kope. Chomwe chimandiwawa ine nchoti makope ngati amenewa akungowolera m'masitolo mwathu. Amene anatulutsa mabuku timawadziwa, koma ambiri ntchito yawo yonse inathera m'makadi ndi m'makope, akapuma pantchito wobwera amangoti ndi mapepala akale. Mukasikana (scan) makopewo tumizani kope lina ku museum ya ku Chichiri, lina ku National Archives ku Zomba, mufunsenso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mwina munthuyo analembapo kankhani mu journal yawo ija kokhala ndi zithunzi za ng'oma zomwezo. Pano phiri la Mulanje linalowa pa World Heritage, mndandanda wa UNESCO wa malo otetezedwa, mu 2025 ofufuza azibwera ambiri, azifunsa zimenezi.

Wa pa Chitakale:
Zikomo nonse, ma tagi ndayamba. Koma taonani china, m'kope lachiwiri muli masamba a nsembe za nthawi ya chilala ndi zomwe zinaikidwa mu mtolo umodzi, pamwamba analemba kuti eni ake anapempha zisaonetsedwe. Mtolowo nawonso ulibe nambala, ilipo ingapo yofanana. Ndisikane masamba amenewonso?

Achemwali a ku Thekerani:
Musamasule mtolo uliwonse kuti muone zamkati, ndapota nanu. Masambawo sikanani koma akhale mu foda yapayokha, asayende pa WhatsApp. Mitolo yonse idikire kaye mpaka mwakumana ndi amfumu a mudziwo.

Madala a Luchenza:
Mwaona? Popanda kope mukanaupachika pakhoma. Mitolo yonseyo T, m'sitolo.

Wa ku Muloza:
Paja Paraloid mumaipeza kuti kuno? Yathu inatha kalekale, acetone wosungunulira yekha ndi amene tatsala naye.