Kodi "mudalaka" mu mwambi wa njoka ndiye kuti chiyani?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka." Ndikujambula ndi penti nyumba imene tidakuliramo, ndipo achemwali anga akuti ndilembe mwambiwu kuseri kwa chithunzicho. Sindifuna kulemba mawu oti adzukulu akadzandifunsa ndidzangoti kukamwa yasa.

Pamene pandiimika mutu ndi pa "mudalaka". Momwe ndimamvera ine, kulaka ndi kugonjetsa, monga munthu amanenera kuti ntchito iyi yandilaka. Ndiye kuti njoka idalephera kukhala mthengo. Koma kwawo kwa njoka si kuthengo komweko? Thengo litailaka, idalowera kuti? Ena andiuza kuti mwambiwu ukunena za njoka zimene zimadzabisala m'nyumba za anthu, makamaka kukazizira, poti thupi la njoka silidzifunditsa lokha. Ena akuti ayi, njoka ingayende thengo lonse koma pomaliza imabwerera ku una wake. Ine mtima wanga uli pa kumasulira kwachiwiriku, chifukwa ndi komwe kukugwirizana ndi "kwanu nkwanu".

Nyumbayo ndasankha kuijambula nyengo yozizira ino mwadala. Mitengo ikayoyola masamba khoma lonse limaonekera, ming'alu yake, zenera lopendekeka lija, ngakhale pakhonde pamene simenti idaperepeseka ndi mapazi athu. Dzuwa limadutsa chapansi, mithunzi imatalika, ndipo nyumba imaoneka msinkhu wake weniweni. Vuto ndi lakuti penti wamafuta amachedwa kuuma kukazizira, moti ndimadikira masiku ndisanapakenso pamwamba pake. Chimandilimbitsa mtima ndi nkhani ya Grandma Moses wa ku America, amene adayamba kujambula mwakhama atapitirira zaka 70, nkumajambula minda ndi nyumba za ubwana wake kuchokera m'mutu, zambiri zili m'chisanu. Adamwalira mu 1961 ali ndi zaka 101.

Chondivuta chenicheni nachi. M'nyumbamo simukhalanso munthu, makolo adatisiya, ndipo posachedwa padzakhala bwinja. Mwambiwu umanenedwa kwa munthu amene ali ndi kobwerera. Nanga ukhoza kunenedwa pa nyumba yoti palibe adzagonemonso? Inu amene mudaumva kwa agogo anu, ankaunena pa nthawi yotani, ndipo ankati njokayo idapita kuti?