Atsikana akusiya netibo, ahedi akufuna kutseka makalabu

Patroni wa masewero, Santhe:
Anzanga thandizeni msanga. Pa CDSS pathu atsikana atatu asiya netibo sabata ino yokha. Pulakatisi timamaliza 4:30, kwawo n'kutali, ndiye anyamata a kabaza amawadikirira pamlatho, kuwagwiragwira, kuwanyengerera ndi lifiti. Msika wa fodya watsegulidwa ku Chinkhoma, aliyense ali ndi kangachepe m'thumba. Ahedi akuti makalabu onse atsekedwe mpaka MSCE idutse. Mipikisano ya zoni yayandikira. Nditani ine?

Sala wa Masamu:
Ahedi sakulakwa. Mtsikana akaweruka azipita kwawo dzuwa lili pamutu. Basi.

Madamu wa Chichewa, Mtunthama:
Sala, mukuyesa ovutika ndi atsikana okha? Kwathu mnyamata wa drama anzake ankamunena kuti ndi mkazi mpaka anasamuka sukulu. Komanso amene amalandidwa ya mandasi kuseri kwa zimbudzi ndi afomu wani osalowa kalabu iliyonse. Amene ali mu SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, kapena kwaya amakhala ndi achimwene a fomu folo omuyankhulira.

Mphunzitsi wakale, Nkhamenya:
Za mpira musandikumbutse. Chaka china tinapita pa lole, titawina anyamata anayamba kugendana. Mmodzi anasokedwa pamphumi, ine ndinafika kunyumba tambala atalira, jezi ziwiri zitasowa. Makolo anabwera kwa ine, osati kwa ahedi.

Sala wa Masamu:
Mwamva? Zonsezi zikuchitika sukulu itaweruka. Tsekani.

Matroni, Chamama:
Achimwene a ku Santhe, inu ndinu bambo. Musayerekeze kunyamula mtsikana panjinga yanu yamoto ati kumuperekeza, mawa nkhani idzagwera inu. Chilichonse lembani mu log book, tsiku ndi nthawi. Itanani a Mother Group, aziyenda nawo atsikanawo m'magulu. Ndipo nkhani yogwiridwa thupi isakathere kwa amfumu ndi nkhuku ya chindapusa. Pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi, kapena imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo, ngakhale akhale wamtali bwanji.

Madamu wa Chichewa, Mtunthama:
Maina a anawo musawatchule pano, chonde. Ndipo bwanji osachita pulakatisi Lachitatu lokha, kumaliza 3 koloko?

Sala wa Masamu:
3 koloko kapena 4, mlatho ndi womwewo.