Ndiyambe ndi monita kapena graphics card? Ndikufuna kumanga kompyuta ya masewera ku Ulongué

Mateyu wa ku Ulongué analemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha malangizo kwa amene munamangapo kompyuta ya masewera. Ndili ndi 70,000 meticais, zambiri mwa izo zochokera ku kachewere amene tinakolola chaka chino, ndipo ndikufuna kuti zikwanire zonse, kuphatikizapo monita. Masewera amene ndimakonda ndi EA Sports FC, GTA V ndi Counter-Strike 2, koma kompyutayo ndiziigwiritsanso ntchito pokonza zithunzi za maukwati ndi za ubatizo zimene anthu amandipatsa kuno ku Angónia.

Purosesa ndikuganiza za Ryzen 5 5600G chifukwa ndi yotsikirako mtengo, pamodzi ndi motherboard ya B450 ndi RAM imodzi ya 16 GB. Pa graphics card ndagwira njakata: pali RX 6600 yatsopano ya 8 GB, palinso RTX 3060 ya 12 GB imene mnyamata wina wa mumzinda wa Tete akugulitsa ataigwiritsapo kale ntchito. Bokosi la kompyuta limene ndaliona m'sitolo likubwera ndi power supply yakeyake yolembedwa 500 W, choncho ndimati pamenepo ndalama zina zitsala.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi monita. Kunyumba kuli kale TV ya mainchesi 43 ya 4K, ndipo akulu anga akuti kugula monita pamene TV ilipo n'kusakaza ndalama. Mnzanga wina akuti ndigule ya mainchesi 27 ya 1080p chifukwa ndi yaikulu, pamene ine mtima uli pa ya 1440p. Kodi ndiyambe kusankha chiti, ndipo pa zimene ndatchulazi ndi pati pamene ndikuphonya?

Bambo Chimphonda a ku Matundo anayankha:

Achimwene a Mateyu, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Matundo, ndipo ambiri amene amandibweretsera makina awo amakhala atayamba ndi khadi la zithunzi (graphics card), monita n'kudzaikumbukira ndalama zitatha. Inu muyambe ndi monita, pakuti ndi imene imalamula kukula kwa ntchito imene khadi lizigwira tsiku lililonse.

Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, tonse pamodzi 2,073,600. Cha 1440p chili ndi 3,686,400, pamene cha 4K chili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi cha 1080p. Khadi limajambula kadontho kalikonse mwatsopano pa chithunzi chilichonse chimene likutumiza, ndipo mukafuna zithunzi 144 pa sekondi imodzi, ntchito yonseyo limaibwereza ka 144. RX 6600 ndi RTX 3060 onse ndi makhadi a 1080p. Pa 1440p adzayendetsa bwino GTA V, amene anafika pa kompyuta mu 2015, koma pa masewera atsopano mudzayamba kutsitsa ubwino wa zithunzi, ndipo pa 4K ya TV yanuyo adzapuma wefuwefu.

Za TV, akulu anu sanalakwitse kwathunthu. Pa mpira, mutakhala pa mpando ndi anzanu controller ili m'manja, TV ndi yabwino ndithu, makamaka mukatsegula Game Mode. Vuto ndi lakuti ma TV ambiri a mtengo wapakati amaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, ndiponso amayamba akonza chithunzi asanachionetse, moti pamadutsa kamphindi pakati pa kusuntha mouse ndi kuona chimene mwachita. Pa 60 Hz, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chimodzi chimakhalapo mamilisekondi 16.7, pamene pa 144 Hz chimakhalapo 6.9 okha. Mu Counter-Strike 2, mmene amene wayamba kuona mnzake akutulukira pakona ndiye amapulumuka, kusiyana kumeneku mudzakumva m'dzanja. Muwauze akulu anu kuti TV sidzagona, chifukwa khadi lili ndi malo olumikizira zinthu zingapo, ndipo chingwe cha HDMI chikhoza kupita ku TV pamene china chili ku monita.

Malangizo a mnzanu aja ndikuwakana. Monita ya mainchesi 27 ya 1080p imakhala ndi timadontho pafupifupi 82 pa inchi iliyonse, ya mainchesi 24 imakhala ndi 92, ndipo mukakhala pafupi nayo pa tebulo, yaikuluyo imaonetsa zilembo zokhala ngati zili ndi mano m'mbali. Ine ndikadakhala inu ndikadagula ya mainchesi 24, ya 1080p, ya 144 Hz kapena 165 Hz, ya mtundu wa IPS, yokhala ndi FreeSync, imene imagwirizanitsa liwiro la monita ndi la khadi kuti chithunzi chisamang'ambike. Ndatchula IPS chifukwa cha zithunzi za maukwati zija: pa monita ya mtundu wina wotchedwa TN diresi loyera limasintha maonekedwe mukangopendeketsa mutu, ndipo mudzakangana ndi mwini chithunzi chikadzasindikizidwa.

Purosesa musinthe. Ryzen 5 5600G inapangidwira munthu amene alibe graphics card, ndipo kuti zojambulira zake zikwane mkati anaichepetsera cache, memory yaing'ono yothamanga ya mkati mwa purosesa, kufika pa 16 MB, pamene Ryzen 5 5600 ili ndi 32 MB. Komanso 5600G imalankhula ndi khadi kudzera pa msewu wakale wa PCIe 3.0 wokha, chonsecho RX 6600 ili ndi njira 8 basi za pa msewuwo m'malo mwa 16. Poti khadi mukugula, tengani 5600 ndi motherboard ya B550. Ya B450 imagwira ntchito, koma ngati yakhalitsa pa shelefu ikhoza kufuna BIOS (pulogalamu yoyatsira motherboard) yatsopano isanaizindikire purosesayo, ndipo limenelo si vuto lofuna kukumana nalo tsiku loyamba. RAM ikhale iwiri ya 8 GB ya DDR4-3200 m'malo mwa imodzi ya 16 GB, kuti njira zonse ziwiri zopita ku purosesa zizigwira ntchito.

Mayi Nabanda a ku Moatize anayankha:

Zimene anena a Chimphonda ndikugwirizana nazo, koma mzere umene wandiopsa ine ndi wa power supply yobwera ndi bokosi. Mwana wanga, imeneyo musaiyatse n'komwe. Mukaitulutsa m'bokosi n'kuinyamula mudzamva kuti ndi yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo mukawerenga kapepala ka pambali pake mudzapeza kuti mzere wa 12 V, umene purosesa ndi khadi zimadalira, ukupereka mphamvu yochepa kwambiri kusiyana ndi 500 W yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Zambiri mwa izo zilibe ngakhale chingwe cha mapini 8 chimene khadi likufuna. Ku ofesi yathu yosindikizira zikalata ndinaonapo yotere ikufa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo sinafe yokha, inatenga motherboard ndi hard disk.

Kompyuta yanu si yadyera. RX 6600 imadya 132 W, RTX 3060 imadya 170 W, ndipo Ryzen 5 5600 inalembedwa 65 W, choncho power supply ya 550 W yochokera ku kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ikukwanirani mpaka malo n'kutsala. Chizindikirocho chimangonena kuti magetsi ambiri olowa amafika ku zipangizo osasanduka kutentha, sichilonjeza kuti chinthucho ndi cholimba, n'chifukwa chake muonenso zaka za garantia zimene wopanga akupereka.

Musiyenso ndalama ya UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akazima. Ngakhale kuti magetsi amapangidwa m'chigawo chathu chomwechino ku Cahora Bassa, mvula ya ziphaliwali ikayamba mu Disembala mawaya a kumapiri kwanuko amaona zakuda. Pogula muwerenge mawatsi, osati VA yokha, pakuti UPS zambiri zolembedwa 1000 VA zimanyamula 600 W, ndipo musankhe yokhala ndi AVR kuti izikhazika magetsi akatsika kapena akakwera. Cholinga chake si kuti muzisewera magetsi atazima, koma kuti musunge ntchito yanu n'kuzimitsa kompyuta mwadongosolo.

Kutentha inu muli ndi mwayi, chifukwa Ulongué ili pamwamba ndipo kumazizira, pamene ife kuno ndi anzathu a mumzinda wa Tete timapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Fani imene imabwera ndi purosesa ikukwanirani. Koma fumbi la chilimwe silisankha dera. Bokosi likhale la ukonde kutsogolo osati la galasi lotseka, likhale ndi mafani awiri olowetsa mpweya ndi imodzi yotulutsa, ndipo muliike pa tebulo, osati pansi pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse.

Alick wa pa Zóbuè anayankha:

Ndi ulemu wonse kwa a Chimphonda, ine pa monita ndikuona mosiyana pang'ono. Khadi munthu amalisintha pakapita zaka zochepa, koma monita yabwino imaona makhadi awiri kapena atatu akubwera ndi kupita. Ya mainchesi 27 ya 1440p ili ndi timadontho pafupifupi 109 pa inchi, ndipo kwa munthu wokonza zithunzi malo owonjezerawo ndi ndalama, chifukwa chithunzi ndi zida zokonzera zimakwana pamodzi popanda kumangotseka ichi kuti uone icho. Masewera atatu amene a Mateyu atchula si olemera kwenikweni, ndipo pa atsopano pali DLSS ya Nvidia ndi FSR ya AMD, zimene zimajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikuza mwaluso. Akasankha 1440p, 12 GB ya RTX 3060 ndi imene ili ndi nzeru kuposa 8 GB.

Khadi logwiritsidwapo kale ntchito si tchimo, bola musalipire musanalione likugwira ntchito. Makhadi ambiri a m'badwo umenewo anagwira usana ndi usiku pokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum mpaka mu Seputembala 2022, pamene kukumbako kunatha. Mukapita kwa mnyamatayo, atsegule pulogalamu ya GPU-Z kuti muone ngati dzina ndi kukula kwa memory zikugwirizana ndi zimene akunena, chifukwa RTX 3060 ilinso ya 8 GB imene ndi yofooka kuposa ya 12 GB. Kenako aike masewera olemera kwa theka la ola inu muli pomwepo. Muyang'ane ngati mafani onse akuzungulira popanda kukhuluza, ngati pa chithunzi sipakutuluka timizere kapena timadontho tobiriwira, ndiponso ngati tizitsulo tomangira kumbuyo sitinakalike ndi sikuludiraiva. Akakana chimodzi mwa zimenezi, mutsanzike mwaulemu.

Za kogula, kuchokera kwanuko Lilongwe ili pafupi kuposa Tete mukadzera pa Calómuè ndi Dedza, koma muwerengere msonkho wa pa chipata, musunge malisiti onse, ndipo mukumbukire kuti chinthu chikafa garantia idzafuna kuti muwolokenso malire. Zogula ku Malawi zimabwera ndi pulagi ya mano atatu amakona, za ku South Africa ya mano atatu akuluakulu obulungira, pamene nyumba zambiri kwathu kuno zili ndi soketi ya mabowo awiri. Chingwe cha power supply chimachoka, choncho gulani china choyenera soketi yanu m'malo modalira adaputa yogwedera imene imathetheka. Monita muiyatse m'sitolo momwemo, aike chithunzi choyera kenako chakuda kuti muone ngati palibe kadontho kakufa, ndipo mu chapa (minibasi) muilipirire mpando kapena muifungatire, isakwere pamwamba pamodzi ndi matumba.

Mateyu wa ku Ulongué analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndasintha kupita ku Ryzen 5 5600, B550, RAM iwiri ya 8 GB, SSD ya NVMe ya 1 TB ndi power supply yapadera ya 550 W. Nditawerengera UPS imene amayi anena, ndalama ya monita ya 1440p sikukwana pokhapokha nditatenga ya 60 Hz kapena 75 Hz. Kodi bambo Chimphonda, pakati pa 1440p ya 75 Hz ndi 1080p ya 165 Hz mungandisankhire iti? Ndipo FreeSync idzagwira ntchito ngati nditenga khadi la Nvidia lija?

Bambo Chimphonda anayankhanso:

A Alick anena zoona kuti monita imakhalitsa, ndipo ndalama ikadalola kugula 1440p ya 144 Hz sindikadatsutsa. Koma pa ziwiri zimene mwatchulazi, dzifunseni kuti maola ambiri muzikhala pa chiyani. Ngati ndi pa zithunzi za makasitomala, tengani 1440p ndi RTX 3060 mutaiyesa monga anenera a Alick. Ngati ndi pa Counter-Strike 2, tengani 1080p ya 165 Hz, ndipo pamenepo RX 6600 yatsopano yokhala ndi garantia ndi imene ndingakusankhireni. Mudziwenso kuti monita siichotsa kuchedwa kwa intaneti: ma seva a Valve, kampani ya Counter-Strike 2, amene tili nawo pafupi ali ku Johannesburg, choncho kompyuta ilumikizidwe ku rauta ndi chingwe, osati ndi Wi-Fi yodutsa makoma awiri.

FreeSync imagwira ntchito ndi makhadi a Nvidia kuyambira mu 2019, koma pa monita zambiri imafuna chingwe cha DisplayPort, choncho muone ngati chili m'katoni musanachoke m'sitolo. Chingwecho chilowe pa khadi, pansi, osati pa mabowo a motherboard amene ali pamwamba, chifukwa Ryzen 5 5600 payokha siitulutsa chithunzi ndipo mudzaganiza kuti mwagula chakufa. Mukamaliza kuika Windows, pitani pa Advanced display n'kusankha 165 Hz, pakuti kawirikawiri imayambira pa 60 Hz, ndipo mu BIOS mutsegule XMP, imene pa motherboard za ASUS imalembedwa DOCP, kuti RAM ifike pa 3200 yolembedwa pa paketi. RAM iwiriyo ilowe m'malo achiwiri ndi achinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa, pokhapokha ngati kabuku ka motherboard yanu kakunena zina.