Atseka madzi masiku awiri, anthu tiwauza bwanji nthawi ikadalipo?

Wofalitsa nkhani, khonsolo ya tauni

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru. A bodi ya madzi atilembera kuti Lachiwiri ndi Lachitatu sabata yamawa atseka madzi mbali ya kumtunda kwa tauni yathu chifukwa akulumikiza paipi yatsopano ku thanki yaikulu. Kalatayo ndi ya Chingerezi ndipo madera awatchula ndi manambala a mazoni awo. Iwo aika chidziwitso pa Facebook ndi m'nyuzipepala, ife atipempha tithandize kufalitsa.

Vuto ndi loti kumtundako anthu ambiri amatunga pa kiyosiki, ndipo amene amatungawo si amene amawerenga nyuzipepala. Ulendo wapitawu madzi atasowa, amayi anabwera ndi zigubu zopanda kanthu pa geti la khonsolo, ena atabereka ana, kufunsa chifukwa chomwe sitinawauzire. Kwa iwo khonsolo ndi bodi ya madzi zonse ndi boma. Mafuta a galimoto ya chimkuzamawu andipatsa a tsiku limodzi lokha. Ndiyambire pati?

Kapitawo wa mapaipi, kumwera

Achemwali, musanalembe chilichonse pitani mukakhale pansi ndi injiniya amene akuyang'anira ntchitoyo, osati wa pa kauntala. Mukamufunse zinthu ziwiri: atsegula mavavu nthawi yanji, ndipo nyumba ya kumapeto kwenikweni kumtunda idzaona madzi nthawi yanji. Nthawi ziwirizi n'zosiyana, ndipo mkangano wonse umayambira pamenepa.

Ife tikati ntchito yatha 6 koloko madzulo, ndiye kuti tamanga mabauti tatsegula. Koma mapaipi amakhala opanda kanthu, muli mpweya wokhawokha. Madzi amayamba adzaza mapaipi a kumunsi, ndipo a kumunsiwo akangoona mpopi ukudontha, aliyense amatsegula kudzaza madiramu ndi mabafa. Thanki siingakwere msanga. Wa kumtunda amadikira mpaka pakati pa usiku pomwe anzake agona, mwinanso mpaka kucha. Ndiye mukalengeza kuti Lachitatu madzulo, iye Lachinayi m'mawa amati mwamunamiza.

Mufunsenso ngati thanki imeneyo imadalira pampu ya magetsi. Madera amasiyana. Ku Zomba madzi amatsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pa phiri. Kuno ku Blantyre ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, amapopedwanso pa Chileka, kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'tauni. Magetsi akangozima pa mapampu, ndondomeko yonse imasintha. Tinaziona mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ngati kwanuko kuli pampu, siyani mpata wa zimenezi pa nthawi yomwe mulengeze.

Mlembi wa bungwe loyendetsa makiyosiki, Lilongwe

Mayi, mafuta a galimotowo asungeni kaye. Muli kale ndi anthu amene amakumana ndi banja lililonse tsiku ndi tsiku: ogulitsa madzi pa kiyosiki. Mayi wa pa kiyosiki amadziwa kuti chigubu chachikasu chong'ambika pakamwa ndi cha kwa ndani, amadziwa gogo amene amatumiza chidzukulu, amadziwa wophika zitumbuwa amene amatunga kusanache. Akauzidwa Lachisanu, pofika Lamlungu mudzi wonse wamva.

Ife timachita chonchi. Timaitana ogulitsa onse, kuwawerengera uthengawo pamaso, n'kumupatsa aliyense pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti amate pakhoma la kiyosiki. Pepalalo liikeni m'jumbo yoonekera, apo ayi madzi odontha alifufuta tsiku lomwelo. Ndipo timagwirizana kuti masiku awiri ntchito isanayambe kiyosiki itsegulidwe m'bandakucha ndi kutsekedwa mochedwa. Kumuuza munthu kuti sunga madzi pomwe kiyosiki ikutsekedwa 5 koloko, iye akuweruka ku ganyu 6 koloko, sikumuthandiza.

Manambala a mazoniwo asiyeni ku ofesi. Tchulani malo momwe anthu amawatchulira: kuyambira pa chigayo kukafika pa mlatho, kuseri kwa sukulu ya pulaimale, mzere wa ku manda. Kuno ngakhale tili ndi ma Area, munthu amamva msanga mukati Mtandire, Mgona, Chinsapo kapena Kauma.

Woyang'anira msika

Ine ndili ndi nkhawa ina. Mukalengeza msanga kwambiri, anyamata a mawilibala ndi a njinga amagula madzi onse n'kusunga, tsiku lotseka n'kumagulitsa chigubu mtengo wowirikiza. Komanso aliyense akathamangira kutunga Lolemba, thanki iphwa ntchito isanayambe. Bwanji osangolengeza kutatsala tsiku limodzi?

Mlembi wa bungwe loyendetsa makiyosiki, Lilongwe

Bambo, pepani koma apa sindikugwirizana nanu. Anyamata amenewo amamva ndithu ngakhale musalengeze, ali ndi anzawo kulikonse. Amene amatsalira osamva ndi wosauka, ndipo ndi yemweyo amakagula chigubu chodulacho. Mtengo umakwera chifukwa anthu adzidzimutsidwa. Thanki imaphwanso chifukwa onse auzidwa tsiku limodzi. Auzeni masiku anayi kapena asanu, azitunga pang'onopang'ono, wina Loweruka wina Lamlungu. Kumbukiraninso kuti pali mabanja amene ndalama ya ndowa zisanu sangaipeze tsiku limodzi, amafunika masiku oti aipeze.

Kapitawo wa mapaipi, kumwera

Amayi akunena zoona. Kwa ife kutunga kogawikana masiku angapo n'kopepuka kusiyana ndi mpikisano wa Lolemba madzulo.

Mlangizi wa zaumoyo

Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ikundikhudza kwambiri. Chidziwitso chongonena kuti madzi kulibe chimakhala chosakwanira, chifukwa munthu sangakhale masiku awiri osamwa, osaphika. Apita kwinakwake. Mukapanda kumuuza koyenera kupita, apita ku chitsime cha kudambo kapena kumtsinje, komwe zimbudzi zili chapafupi. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Amene tinagwira ntchito m'matenti a odwala nthawi imeneyo sitifuna kuzionanso.

Ndiye mu uthengamo mutchule mijigo yomwe ikugwira ntchito ndi makiyosiki a mbali yomwe sikutsekedwa. Musanaitchule tumani munthu akaipope aone, chifukwa mijigo ina ili m'kaundula koma inafa kalekale. Ngati a bodi alonjeza galimoto ya thanki yogawa madzi, akuuzeni malo ndi ola, ndipo musailengeze asanatsimikize. Anthu akaima padzuwa ndi ndowa galimoto osabwera, tsiku lina sadzakumveraninso.

Auzeninso kuchuluka kwa madzi oti asunge. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu pa tsiku ngati ochepetsetsa. Banja la anthu 6 ndiye malita 90 pa tsiku, masiku awiri 180, zomwe ndi zigubu 9 za malita 20. Mabanja ambiri alibe zigubu zochuluka chonchi, n'chifukwa chake ndi bwino kuwalangiza kuti achapiretu zovala Lamlungu ndi Lolemba, ndipo ziwiya zotseka bwino azisungire madzi akumwa ndi ophikira.

Lankhulani ndi a zaumoyo pa boma kuti ife tigawe klorini pa mijigo masiku amenewo. Madzi a kwina kulikonse awiritsidwe kapena athiridwe klorini kapena WaterGuard, adikire mphindi 30 asanamwe.

Ndipo chipatala, makamaka kochirira amayi, sukulu zogonera konko, ndende ndi zimbudzi za mumsika, amenewa musawadikirire kuti amve pa wailesi. Aimbireni foni mmodzimmodzi lero, kalata itsatire.

Mkonzi wa mapologalamu, wailesi ya m'dera

Achemwali, ku wailesi kuno musatibweretsere kalata ya Chingerezi kuti timasulire tili pa maikolofoni. Wowulutsa aliyense amasulira mwake, ndipo pofika madzulo tsiku lasintha. Bweretsani uthenga wolembedwa kale m'Chichewa, ndipo ngati kwanuko kuli olankhula Chiyao kapena Chitumbuka, pezani mwini chilankhulo aulembe. Upempheni uulutsidwe pafupi ndi mauthenga a maliro ndi nkhani za m'mawa, pamenepo anthu amatchera khutu.

Pa WhatsApp tumizani mawu ojambula, osapitirira mphindi imodzi. Chithunzi cha kalata ambiri satsegula poopa bandulo, ena kuwerenga kumawavuta. Koma pali msampha umodzi: uthenga wakale umabwereranso. Kwathu kuno uthenga wa chaka chatha unazunguliranso m'magulu, anthu n'kudzaza madiramu pachabe, ndipo wotsatira wake, womwe unali woona, ambiri sanaukhulupirire. Choncho wolankhulayo ayambe ndi tsiku, deti, mwezi ndi chaka, kenako anene kuti uthengawo ukuchokera kuti. Mawu oti mawa kapena mkuja asapezekemo.

Muli ndi mwayi kuti ntchito ikuyamba Lachiwiri. Lachisanu kuli mzikiti, Loweruka kuli a Seventh Day, Lamlungu matchalitchi ena onse. Kapepala kafike kwa shehe ndi kwa mlembi wa mpingo nthawi ya zolengeza isanakwane. Mafumu ndi mabuloko lida apatseni pepala lomwelo, chifukwa pamaliro amapatsidwa mpata wolankhula.

Wofalitsa nkhani, khonsolo ya mzinda

Mnzanga, chenjezo langa ndi la m'nyumba mwathu momwemo. Uthenga ukhale umodzi, wogwirizana ndi a bodi, zidindo zonse ziwiri pa pepala limodzi. Madzi a m'tauni ali m'manja mwa mabodi a madzi potsatira lamulo la 1995, ife a khonsolo timangothandiza kufikira anthu. Mukatulutsa wanu wosiyana ndi wawo ngakhale ola limodzi, mlandu ukhala wanu.

Makhansala auzeni msanga, asamve kwa anthu awo. Koma apempheni mwaulemu kuti atumize uthengawo momwe ulili. Khansala wofuna kusangalatsa anthu amatha kuwonjezera kuti walankhula ndi mabwana ndipo madzi abwera Lachitatu masana, ndiye zikakanika anthu amabwera pa geti lanu. Pa pepalapo pakhale nambala imodzi ya foni yomwe wina aziyankhadi masiku onsewo, mpaka usiku. Ngati bajeti ilola uthenga wa pafoni kudzera ku Airtel ndi TNM, usapitirire zilembo 160: tsiku, malo, nthawi yobwerera, nambala.

Wofalitsa nkhani, khonsolo ya tauni

Zikomo kwambiri nonse. Ndakumana ndi injiniya masana ano. Akuti mavavu atsegula Lachitatu madzulo, koma wavomera kuti kumtunda kwenikweni madzi angafike Lachinayi masana, ndipo pampu ilipodi. Ndalemba chonchi, madeti ndi chaka ndiziika koyambirira:

"Khonsolo pamodzi ndi bodi ya madzi ikudziwitsa onse okhala kuyambira pa msika waukulu kukwera mpaka ku thanki, kuphatikizapo kuseri kwa sukulu ya pulaimale, kuti madzi atsekedwa Lachiwiri 6 koloko m'mawa chifukwa cholumikiza paipi yatsopano. A kumunsi ayamba kulandira madzi Lachitatu usiku, a kumtunda pofika Lachinayi madzulo. Yambani kusunga madzi Loweruka m'ziwiya zotseka. Makiyosiki atsegulidwa 5 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku Lamlungu ndi Lolemba. Mijigo ya pa sukulu ndi pa chipatala ikugwira ntchito ndipo padzakhala klorini. Musatunge kudambo."

Galimoto ya chimkuzamawu ndaganiza iyende Lamlungu madzulo, anthu ali pakhomo. Chasowa n'chiyani?

Kapitawo wa mapaipi, kumwera

Zili bwino, achemwali, koma onjezerani za pobwerera madzi. Anthu akapeza mpopi wouma amausiya wotsegula n'kupita kuntchito kapena kukagona. Madzi akabwera usiku amasefukira m'nyumba, bilu n'kukwera, thanki osadzaza. Lembani kuti mipopi ikhale yotseka. Komanso madzi oyamba amatuluka ndi mpweya, mpopi ukutsokomola, ndipo amakhala ofiira ngati tiyi chifukwa cha dothi ndi dzimbiri la m'mapaipi. Atunge oyambawo m'ndowa akathirire maluwa kapena kutsukira chimbudzi, adikire ayere asanamwe. Mukapanda kunena izi, Lachinayi mudzamva mphekesera zoti m'madzi mwalowa zoipa.

Mlangizi wa zaumoyo

Ndipo ngakhale ayere, tsiku loyamba awiritse kapena athire klorini. Paipi ikakhala yopanda madzi imatha kuyamwa zonyansa pamalo pomwe inabooka.

Mkonzi wa mapologalamu, wailesi ya m'dera

Konzeranitu uthenga wachiwiri woti ntchito yachedwa, musiye malo odzalembapo nthawi yokha. Mugwirizane ndi injiniya kuti Lachitatu 12 koloko masana akuimbireni kukuuzani pomwe afika, zikuyenda kapena ayi. Ngati zavuta, uthengawo utuluke masana omwewo anthu akadatha kupita ku mjigo kukuwala, osati 9 koloko usiku.

Wofalitsa nkhani, khonsolo ya tauni

Ndaonjezera zonsezi ndipo ndatumiza kwa a bodi kuti aone asanadinde. Ogulitsa pa makiyosiki tikumana nawo Lachisanu m'mawa. Amayi a ku Lilongwe, ogulitsa anu akagwira maola owonjezerawo mumawapatsa kangachepe, kapena zimalowa m'malipiro a pamwezi? Ndikufuna ndikafike ku msonkhanowo ndili ndi yankho.

Mlembi wa bungwe loyendetsa makiyosiki, Lilongwe

Timawapatsa kangachepe kuchokera m'thumba la bungwe, ndipo timagwirizana ndalama yake ntchito isanayambe. Kambiranani ndi komiti ya makiyosiki kwanuko mawa lomwe, kuti Lachisanu adzanene okha pamaso pa ogulitsawo.