Tsitsi lasosoka mutu wonse, nsidze nazo zikupita: tiyambire pati?

Mlongo wa ku Rosettenville:

Abale, ndigawireniko nzeru. Mng'ono wanga wa zaka 26 anayamba ndi kadazi kozungulira ngati ndalama yachitsulo kunkhongoku. Patha miyezi 8, pano mutu wonse uli mbee, nsidze nazo zikuthothoka. Kukiliniki anati si chipere koma alopecia areata, n'kumupatsa mankhwala opaka otchedwa Dermovate. Wapaka miyezi itatu, palibe chasintha. Ena akuti tigule pa intaneti mapiritsi a JAK, amene amachepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Kuno ku Johannesburg tiyambire pati?

Mkulu wa ku Yeoville:

Achemwali, choyamba mtima m'malo. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu ya tsitsi, koma sichiipha. Mizuyo imangogona, n'chifukwa chake khungu limakhala losalala, lopanda zipsera, ndipo tsitsi likhoza kumeranso.

Dermovate sanalakwe, wangochepa mphamvu. Zopaka komanso jakisoni wa triamcinolone zimathandiza pamene zigamba zili zochepa. Jakisoniyo amabaya m'khungu mwenimwenimo, kawirikawiri 5 mg/ml, kadontho ka 0.1 ml pa sentimita iliyonse, n'kubwereza pakatha masabata 4 mpaka 6. Akachulukitsa, khungu limalowa m'kati n'kusiya timaenje, ndipo pakhungu lakuda pamatha kutuwa. Ndiye ganizirani mutu wonse, mungabaye kangati? Madokotala amayeza kuchuluka kwa tsitsi lothothoka ndi muyeso wotchedwa SALT, kuyambira 0 mpaka 100, ndipo kuyambira 50 amati matenda ndi aakulu, afunika mankhwala akumwa. Mng'ono wanuyo ali cha ku 100.

Abwerere kukiliniki akapemphe kalata yomutumiza kwa dokotala wa khungu kuchipatala cha Charlotte Maxeke, Helen Joseph kapena Baragwanath. Atenge machubu onse amene wapaka ndi zithunzi za mutu za m'mbuyomu. Asadabwe akamuyeza chindoko ndi chithokomiro: chindoko chimasosola tsitsi m'zigamba ngati zodyedwa ndi njenjete, ndipo matenda a chithokomiro amakonda kuyenda limodzi ndi alopecia areata. Dermovate asamapake kumaso, amapyapyalitsa khungu.

Mayi wa ku Turffontein:

Za JAK zo ndi zoona, ndiwo mankhwala amene asintha zinthu, koma kugula mwachinsinsi ayi ndithu. Baricitinib anavomerezedwa ku America mu 2022 pa matendawa, piritsi la 2 mg kapena 4 mg kamodzi patsiku. Ritlecitinib anabwera mu 2023, 50 mg patsiku, kuyambira zaka 12. Tofacitinib, 5 mg kawiri patsiku, ndi wa nyamakazi koma madokotala a khungu amamugwiritsanso ntchito. Pa kafukufuku wa baricitinib 4 mg, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse, kupitirirako pang'ono, anali ndi tsitsi lokuta 80 peresenti ya mutu pofika masabata 36. Mwamva? Masabata 36, ndiponso si onse. Amene tsitsi lasosoka mutu wonse amachedwerapo, ndiye kuweruza pa miyezi itatu n'kutaya ndalama. Tsitsi likamamera limayamba ngati ubweya woyera wa khanda, kuda kumabwera pambuyo.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Mankhwalawa amagonetsa chitetezo, ndipo ife tikukhala m'dziko limene TB ili ponseponse, kumudzinso chimodzimodzi. Munthu akhoza kukhala ndi TB yogona osatsokomola ngakhale kamodzi, piritsi n'kuidzutsa. Asanameze loyamba ajambulidwe pachifuwa, ayezedwe magazi a TB yobisika, HIV, hepatitis B ndi C, kuchuluka kwa magazi, chiwindi, impso ndi mafuta a m'magazi. TB yogona ikapezeka, ayambe kaye mankhwala oletsa kuti isadzuke. Akayamba JAK, magaziwo amayezedwanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mashingozi amabuka kwa ena. Mwendo umodzi ukatupa kapena mpweya ukabanika, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, angakhale magazi oundana. Woyembekezera kapena woyamwitsa samwa, ndiye za kulera akambirane ndi dokotala poyambirira.

China chimene ogulitsa pa intaneti sanena: ukasiya, ambiri tsitsi limathothokanso m'miyezi yochepa. Ndi mankhwala odula, ndipo matendawa sali pamndandanda wa matenda okhalitsa amene medical aid imakakamizidwa kulipira. Werengerani ndalama za chaka chathunthu, osati za bokosi limodzi. Mankhwala amene sanalembetsedwe kuno dokotala amawapempha ku SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala, kudzera mu chilolezo chapadera cha Section 21, si zoitanitsa wekha.

Mkulu wa ku Yeoville:

Mayi anena zoona, koma tisaiwale kuti kuchipatala cha boma mwina ayamba ndi zotsika mtengo. Mapiritsi a prednisone amameretsa msanga, kungoti ukachepetsa tsitsi limagwanso, ndipo akakhalitsa amanenepetsa, kukweza shuga ndi BP, kufooketsa mafupa. Samasiyidwa mwadzidzidzi. Methotrexate ndi 15 mpaka 25 mg KAMODZI PA SABATA, folic acid tsiku lina. Ndalemba zikuluzikulu dala, chifukwa kumwa tsiku lililonse molakwitsa kumapha. Mowa ndi Bactrim asayandikire, mimba nayonso ayi.

Palinso DPCP, wopaka kuchipatala sabata iliyonse kuti khungu liyabwe dala. Amayamba ndi 2 peresenti pakamalo kakang'ono, pakatha masabata awiri n'kutsikira ku 0.001 peresenti, kenako kumakweza pang'onopang'ono. Mutu susambidwa kwa maola 48 ndipo umafundidwa, chifukwa dzuwa limawononga mankhwalawo. Ineyo pakhungu lathuli ndimamukayikira: matuza ndi mwanabele zimatha, koma mawanga oyera kapena akuda amatha kutsalira. Minoxidil wa 5 peresenti, wopaka pamutu kuti tsitsi limere, ndi wothandizira chabe, payekha sakwanitsa.

Mlongo wa ku Rosettenville:

Zikomo kwambiri, kalatayo tikapempha Lolemba. Nanga nsidzezi podikira? Ndi zimene zikumuliza kuposa mutu, poti mutu amavala wigi.

Mayi wa ku Turffontein:

Nsidze zimabayika, triamcinolone yemweyo koma wofooka, 2.5 mg/ml, ndipo azibaya dokotala wa khungu basi popeza ndi pafupi ndi diso. Podikira ajambule ndi pensulo. Wigi asamate ndi guluu pakhungu lopakidwa mankhwala, avale kachipewa kansalu m'kati. Tsitsi la m'zikope likapita avale magalasi, fumbi la mu Ogasiti kuno mukulidziwa.