Injiniya wa kukampani pa gulu loyang'anira wophunzira wa DPhil

aNambewe: Anzanga, ndithandizeni nzeru chifukwa nkhaniyi yanditopetsa. Ndili ndi wophunzira wa DPhil (digiri ya udokotala) amene akufufuza za madzi oipa otuluka m'mafakitale a ku Workington ku Harare, ndipo komiti ya Higher Degrees yandibwezeranso fomu ya gulu loyang'anira. Ndinadzilemba ine ngati woyang'anira wamkulu, mnzanga wa ku dipatimenti ina ngati wachiwiri, kenaka injiniya wa kukampani kumene mwanayu amatunga madzi okayeza. Akuti injiniyayo alibe PhD, choncho dzina lake lichotsedwe. Komatu Education 5.0, ndondomeko ya boma la Zimbabwe ya maphunziro a ukachenjede, ikutiuza kuti kafukufuku azifika mpaka ku mafakitale. Nanga munthu wotereyu inu mumamulemba motani?

aPhiri: Mayi, komitiyo yalondola. Munthu amene sanalembepo thesis sangadziwe ngati ntchito yafika pa mlingo wa udokotala, ngakhale atakhala katswiri wotani pa makina ake.

aBanda: Mulembeni ngati mlangizi, osati woyang'anira, ndipo kalata yake inene momveka kuti sasaina ma progress report, koma adzapezeka pa misonkhano ya gulu ndi kutsegulira mwanayo zitseko za fakitale. Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi data. Ine ndinali ndi wophunzira amene anamaliza zoyeza zonse bwinobwino, koma bwana wa kampani ataona kuti ziwerengero zikuonetsa kuipa kwa madzi awo, anakana kuti zisindikizidwe. Mwanayo ankabwera mu ofesi mwanga atanyamula chikwatu cha mitu yomaliza kale, n'kungokhala pa mpando osadziwa choti anene, pakuti popanda mapepala osindikizidwa sakanapereka thesis. Musayambe ntchito musanasainirane kuti embargo, nthawi yosunga zotsatira zisanasindikizidwe, idzakhala ya miyezi ingati ndiponso kuti kampani ili ndi ufulu wowerenga, osati woletsa.

aChisale: Ndionjezere za patent, chiphaso cha umwini wa chinthu chatsopano. Likulu la ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent, lili konkuno ku Harare, ndipo mgwirizano wake wa ma patent, Harare Protocol, ndi wa 1982, komabe ambiri timakumbukira zimenezi mwana atakamba kale zotsatira zake pa msonkhano. Chinthu chikalengezedwa poyera musanalembetse, kutsimikiza kuti n'chatsopano kumavuta. Gwirizanani msanga kuti mwini wake ndani pakati pa yunivesite, kampani ndi wophunzira.

aPhiri: Zonsezi zikungotsimikizira mawu anga. Kampani imafuna yankho la mawa, pamene DPhil imafuna funso lozama. Akhale kunja kwa gulu, mwana azikamufunsa akafuna.

aNangozo: Bambo Phiri, akakhala kunja ndiye kuti palibe chomumanga, ndipo tsiku lina mlonda adzangobweza mwanayo pa geti. Koma Mayi Nambewe, kodi kampaniyo ndi imene ikulipira fizi? Ngati ndi choncho, mwana sangatsutse mlangizi amene akumudyetsa, ndipo zimenezi zilembedwe pa fomu ya conflict of interest. Kumbukiraninso kuti mainjiniya athu sakhalitsa. Wathu anasamukira ku Johannesburg pakati pa kafukufuku, ndipo amene analowa m'malo mwake sanafune n'komwe kumva za mgwirizanowo chifukwa unali wapakamwa. Mgwirizano ukhale ndi kampani, osati ndi munthu.

aPhiri: Ndikubwerezanso kuti pa viva, mayeso apakamwa oteteza thesis, woyesa wakunja sadzafunsa ngati fakitale yapindula, adzafunsa za methodology, ndipo amene adzachite manyazi ndinu, Mayi, osati injiniyayo.

aBanda: Mayi Nambewe, kodi malamulo a faculty yanu ali ndi malo a mlangizi, kapena fomuyo ili ndi mizere ya oyang'anira okha?