Sowo yadzimbiri ija yayambanso kudula

Zikomo nonse amene munandiyankha za sowo yakale imene inadyeka ndi dzimbiri komanso inkakanirira m'thabwa.

Ena munati ndiiviike mu viniga, koma ndinatsata amene anati ndichotse chogwirira kenako ndikweche chitsulocho ndi sandipepa wosalala, ndikudonthezera palafini. Dzimbiri linachoka. Timaenje ting'onoting'ono tinatsala, koma sitikulepheretsa ntchito.

Ntchito yaikulu inali pa mano. Ndinapanikiza sowo pakati pa timatabwa tiwiri kuti isanjenjemere, n'kudutsitsa tupa yafulati pamwamba mpaka mano onse atafanana msinkhu. Apa musadumphepo, abale, chifukwa dzino lalitali limadula lokha anzake akungoyenda. Kenako ndinanola ndi tupa ya ngodya zitatu, dzino lililonse mofanana. Kukanirira kuja kunatha nditapindako nsonga za mano pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti mpata wodulidwa ukule kuposa chitsulo.

Tsopano ikutsata mzere bwinobwino. Ndikamaliza ntchito ndimaipaka kandulo.

Musanagule tupa, yang'anani mtundu wa mano a sowo yanu. Akakhala akuda kapena abuluu kunsonga, anaumitsidwa ku fakitale ndipo tupa imangoterereka osawagwira.